Imodzi Inasowa m'Mbale ya Apongozi

Uthenga wa Wilber unafika Lolemba masana, Marleni atagwada pambali pa bokosi lachitatu, mutu uli m'kati, akuthyola timbatatesi tolendewera kumizu. Anapukuta dzanja pa epuloni n'kutsegula foni.

"Amayi avundukula udzu umene anasungamo mbewu. Muli mphutsi zokhazokha. Usaimbe, akulira."

Marleni sanafunse kuti mbewu iti. Mayi Saturnina, amayi ake a Wilber, anali ndi mitundu ya mbatatesi yoposa makumi atatu, koma yoti n'kuilirira inali imodzi yokha: Mlizamtengwa wofiirira amene anawasiyira malemu amayi awo. Chisanu cha mu Febuluwale chinawaula munda wonse. Zochepa zimene anatolera anazisunga mu udzu ngati mazira, kudikira Okutobala, ndipo tsopano mphutsi zinali zitamaliza ntchito imene chisanu chinasiya.

Marleni Taipe ankalima mbewu ya mbatatesi popanda dothi. M'shedi yake ya pulasitiki, kuseri kwa nyumba ya bambo ake m'chigwa cha Jauja, munali mabokosi asanu aataliatali. Masamba ankakhala pamwamba, padzuwa, pomwe mizu inali lende mumdima m'kati mwa bokosi, pampu ikumaipopera nkhungu ya madzi osakaniza ndi chakudya cha mbewu. Alimi a m'chigwa ankalimbirana mbewu yake chifukwa inalibe matenda. Koma kumtunda ku Uchupata, kwawo kwa Wilber, ankangomutcha mtsikana wopachika mbatatesi.

Anadzuka n'kupita ku bokosi lomaliza, limene sankalola mlendo kulitsegula. Mmenemo munali Mlizamtengwa wa Mayi Saturnina, akubereka kachiwiri. Pambali pake, pa mathireyi, panali mbewu mazana asanu ndi limodzi zokolola koyamba, zitaphuka kale, zongodikira dothi. Anajambula chithunzi n'kutumiza kwa Wilber.

"Mbewu yawo sinathe. Auze lero, Wilber."

Yankho silinachedwe. "Dikira kaye."

Marleni anaponya foni m'thumba la epuloni. Mawu awiri amenewa anali atawamva kwa chaka chathunthu, ndipo anali atafika nawo pakhosi.

* * *

Zinayamba chaka chatha mu Ogasiti, tsiku limene Wilber anapita naye kukamuonetsa kwawo. Mayi Saturnina sanamufunse za sukulu yake kapena dzina la bambo ake. Anangomupatsa mbale, mpeni wobuntha ndi Mlizamtengwa khumi ndi awiri, n'kukhala pa mpando kumuyang'ana.

Mbatatesi imeneyi ili ngati chibakera cha munthu, mfundo zokhazokha, maso ake olowa m'kati. Mtsikana akaisenda osadula mfundo ndi imodzi yomwe, ndiye kuti banja adzalisunga. Ikamukanika, apongozi sanena kanthu, amangocheukira mwana wawo.

Marleni anasenda mpaka zala kutuluka magazi. Koma maso a ntchito sagona. Anaona kuti mbewuyo inali yotopa, yaing'onoing'ono, yodwala. Anaganiza za tsiku limene adzabwere pakhomo pamenepa ndi nsalu yodzaza mbewu yomweyi, yathanzi, apongozi ake n'kusiya kulavula malovu akamva dzina lake. Mayi Saturnina atacheuka kuti athamangitse nkhuku, iye analowetsa imodzi m'thumba la juzi.

Patatha mwezi anamuuza Wilber, akuseka. Wilber sanaseke, anagwira mutu.

"Mbewu sachita kutenga, Marleni, amachita kukupatsa m'manja. Imodzi ikachoka pakhomo mwini wake osatsanzikana nayo, zinzake zimaitsatira. Usauze munthu. Dikira kaye."

Wilber Poma anali mnyamata wabwino, tisamunamizire. Lole ya mbatatesi ankatsetsereka nayo mpaka ku mzinda waukulu wa Lima m'misewu imene ena amadutsa atatseka maso. Koma amayi ake akangotsokomola, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake ankasanduka kamwana.

* * *

Wilber anabwera Lachitatu, mawa lake la uthenga uja, dzuwa lili paliwombo. Marleni atamva lole ikuima pageti anatuluka akumwetulira, poganiza kuti Wilber walimba mtima. Kumwetulirako kunazima ataona amene akutsika. Patsogolo panali Mayi Saturnina, chipewa atachikokera pamphumi. Pambuyo pawo panali Yobana, mwana wawo wa ubatizo, amene anakulira pakhomo pawo akudziona ngati mtengwa wongodikira tsiku. Wilber anali pomalizira, akuyang'ana matayala a lole ngati akuwaona koyamba.

"Takulandirani, Amayi," anatero Marleni.

"Sindine amako."

"Musamuyang'ane choncho Wilber, asisi," anatero Yobana, mawu ake ali tseketseke. "Sananene ndi iyeyo. Anasiya foni patebulo popita kukawaza nkhuni, ine ndimangofuna kuona nthawi. Nthawi ndinaiona, ndi zina zomwe."

"Ndionetse," anatero Mayi Saturnina.

Pakhomo la shedi panali thireyi ya laimu ndi majombo oyera ondandalikidwa bwino. Marleni anaima kutsogolo kwa chitseko.

"Chonde, Amayi, mupondemo mu laimumu, kenaka muvale majombowa. Dothi sililowa muno, limabweretsa matenda."

Pa mawu onse amene mtsikanayu analankhula chaka chimenecho, oipitsitsa anali amenewa.

"Wamva, Wilber?" anatero Mayi Saturnina osacheuka. "Dothi la m'munda wa agogo ako, limene lakudyetsa mpaka kumera ndevu, ati ndi matenda."

Anadumpha thireyi n'kulowa ndi nkhwaira zawo za tayala, matope a ku Uchupata akuyoyoka pa simenti. Yobana anawatsatira, akumenyetsa mapazi pansi mwadala. Wilber yekha ndiye anavula nsapato n'kuvala majombo ake, aja Marleni anawalemba W ndi utoto wofiira wa zikhadabo. Anachita zimenezi osaganiza n'komwe, chifukwa anali atazolowera.

Marleni anakweza pulasitiki yakuda ya m'mbali mwa bokosi lomaliza. Mizu yoyera inali lende ngati imvi, ndipo ponseponse panalendewera timbatatesi tofiirira tamfundomfundo. Nthawi yomweyo pampu inalira, nkhungu n'kudzaza bokosi lonse. Yobana analumpha chammbuyo. Mayi Saturnina sanasunthe. Anatambasula dzanja, nakhudza kambatatesi kamodzi ndi nsonga ya chala, misozi ikulengeza. Marleni anaganiza kuti ndi misozi ya chimwemwe.

"Amayi anga," anatero Mayi Saturnina motsitsa, akulankhula ndi mbewuyo monga amachitira pa tsiku lodzala, "ndani wakuvulani chonchi? Akupachikani ngati nyama ya pabutchala, opanda chofunda."

Kenaka anatembenuka.

"Tsiku lija ndinakupatsa zingati?"

"Khumi ndi ziwiri, Amayi."

"M'mbale munabwera zingati?"

Marleni anayang'ana pansi.

"Khumi ndi imodzi. Ukuyesa sinditha kuwerenga? Ndinadziwa tsiku lomwelo. Ndinati mwana wa eni waipweteka ndi mpeni, waibisa chifukwa cha manyazi. Ndinakumvera chisoni, sindinauze munthu. Osadziwa kuti ndikuchitira chifundo mbava."

"Sindinabe kuti ndigulitse, Amayi. Mbewu yanu inali ikudwala. Ndimafuna ndikubwezereni yathanzi pa tsiku la chinkhoswe."

"Inali ikudwala? Inakuuza ndi pakamwa?"

"Chisanu chinawaula minda ya anthu onse, si wanu wokha. Mphutsi nazonso sindinazitume ndine."

"Zaka makumi asanu chisanu chakhala chikubwera, mphutsi zakhala zikubwera, mbewu imeneyi sinathepo pakhomo panga. Yatha chaka chimene iwe unapondapo."

"Ndipo ndikanapanda kutenga imodziyo," anatero Marleni, magazi atamukwera kumutu, "lero mukanakhala mukulira maliro opanda mtembo."

Yobana anagwira pakamwa. Mayi Saturnina anayang'ana mwana wawo.

"Iwe, unkadziwa?"

Wilber anacheukira Marleni. Marleni anamuyang'ana m'maso, akumupempha mumtima kuti kamodzi kokha aime ngati mwamuna.

"Ndamva posachedwapa, Amayi," anatero Wilber.

Chipongwe cha apongozi Marleni akanachipirira. Bodza ili ndi limene linamulasa.

"Chabwino," anatero Mayi Saturnina. "Loweruka tikudzala munda wa kumtunda. Lachisanu Wilber adzabwera kudzatenga mbewu yanga yonse, osasiyako ndi imodzi yomwe. Wilber adzaponda khasu. Mbewu adzaponya ndi Yobana."

Panalibe wosadziwa tanthauzo lake. Ku Uchupata mwamuna amatsogola akuboola nthaka ndi khasu lopondera phazi, mkazi wake akubwera pambuyo akuponya mbewu m'dzenje. Mnyamata wosakwatira akaponda khasu, mtsikana n'kuponya pambuyo pake mbewu ya amayi ake a mnyamatayo, mudzi sudikiranso kuti wina alengeze.

Yobana anatsala pang'ono pakhomo, enawo atapita ku lole.

"Muzitsuke bwinobwino, asisi, zisabwere zikununkha mankhwala. Manja angawa sachedwa kutuluka zidzolo."

"Manja akowo anasendapo Mlizamtengwa?"

"Ndinayamba kumusenda ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndipo m'mbale mwanga sikasowa kanthu."

* * *

Lachinayi lonse Marleni anathera kukolopa simenti ndi madzi a mankhwala, kuchotsa dothi la apongozi ake. Bambo ake, a Eleuterio, anaima pakhomo atavala majombo, akutafuna masamba a koka, chitsamba chimene anthu a kumeneko amatafuna kuti asamve kutopa.

"Ukolopa mpaka simenti ibooke."

"Anditcha mbava, Bambo. M'nyumba mwanga momwe."

"Nanga unapempha?"

Marleni anaimika chokolopera. "Nanunso?"

"Amako atamwalira, azakhali ako anatenga mbewu ya nyemba m'chikwatu chawo osandiuza. Zaka zitatu sindinawapatse moni. Zimene unachita n'zabwino, mwana wanga, koma njira yake inali yakuba. Bweza mbewu ya eni."

"Ndibweze kuti Yobana akaiponye pambuyo pa Wilber? Chaka chathunthu ndikudzuka kudzaona ngati pampu ikugwira, magetsi akazima ndikupopera ndi manja, kuti ndikonzere mnzanga ukwati?"

"Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Unkawadziwa anthu a kumtunda."

"Ndinkadziwa amayi ake. Iyeyo ndiye sindinkamudziwa."

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Wilber. "Pepa wokondedwa. Ndinasowa chonena. Mawa ndikufotokozera."

Marleni anawerenga kawiri n'kubwezera foni m'thumba.

* * *

Wilber anafika Lachisanu cha m'ma 3 koloko, ali yekha. Anasiya nsapato zake pakhomo, naponda mu laimu, navala majombo ake. Anamupeza Marleni atakhala pa kreti pafupi ndi mathireyi, mikono atapinda pachifuwa.

Pa kreti imeneyi ndi pamene Wilber ankakonda kukhala masiku abwino aja. Ankadikira pampu ilire n'kumupsompsona, ati phokosolo liwabise kwa a Eleuterio. Lero anaima patali ngati wobwera kudzagula mbewu.

"Marleni, tamvera. Ndi kudzala chabe. Yobana aponye, anthu alankhule zolankhula zawo. Pakatha mwezi Amayi mtima ukhala pansi, ndiye tidzayambirenso bwinobwino."

"Akulu ako a Fidel, asanakwatire, anadzala ndi ndani?"

"Zimenezo n'zina."

"Anadzala ndi ndani?"

"Ndi Rosalía."

"Panopa akugona ndi ndani m'nyumba?"

Wilber anakanda m'mutu. "Ine Yobana sindimufuna, ukudziwa. Ndinakula naye ngati mlongo wanga."

"Iyeyo akudziwa kuti ndi mlongo wako? Chifukwa mmene amakuyang'anira, ubale umenewo ngwachilendo."

"Ukufuna nditani? Amayi sakudya kuyambira Lolemba. Mbewu imeneyi ndi yokhayo imene agogo anawasiyira."

"Ndimafuna unene zoona. Mawu atatu okha: 'Ndinkadziwa kalekale, Amayi.' Unandisiya ndekha ngati galu wogwidwa ndi nyama kukamwa."

"Ndikanatero akanandithamangitsa pakhomo."

"Ndiye unasankha kuti athamangitse ine. Mapanga awiri avumbwitsa, Wilber."

Pampu inalira. Mpaka inasiya, aliyense anali akuyang'ana kwake.

"Ndipatse mathireyi ndizipita," anatero Wilber. "Kumtunda kukuoneka kuti kugwa mvula."

Marleni anadzuka. Anayang'ana pa thireyi yoyamba, nasankha mbatatesi imodzi yaikulu kuposa zonse, ya mphukira zitatu zonenepa. Anagwira dzanja la Wilber, nalitambasula, n'kuikamo.

"Ndinatenga imodzi. Nayi imodzi."

"Usachite zachibwana."

"Zinazi zabadwira m'nyumba mwanga, ndazilera ndine. Amayi ako akazifuna, abwere kwa bambo anga ndi masamba a koka ndi botolo la mowa, monga amabwerera anthu ofunsira mwana wa mnzawo. Zidzakwera ku Uchupata zili mu nsalu yanga, kumsana kwanga, ine ndili pambuyo pako. Kupanda apo zikhala pompano."

"Ukufuna kuwagwira pakhosi amayi anga ndi mbewu ya amayi awo?"

"Iwo sanandigwire pakhosi ndi mwana wawo?"

Nkhope ya Wilber inasintha. Marleni anali asanamuonepo atakwiya chonchi, ndipo mwachinsinsi anakondwera, poganiza kuti mwina mkwiyo umenewu ukafika nawo kwa amayi ake.

"Vuto lako ndi limeneli," anatero Wilber. "Chilichonse umafuna chikhale m'bokosi lako, chizimwa pa nthawi imene iwe wakonza. Unatenga osafunsa, tsopano ukubweza molamula. Ine sindine mbatatesi yako, Marleni."

"Mbatatesi yanga imadziwa koloza mizu."

Wilber anafumbata mbewu ija natuluka. Chitseko chinamenyeka, lole inalira, fumbi n'kutsala pageti. Patapita nthawi Marleni anatuluka kuti akhome shedi, ndipo anapeza nsapato za Wilber zili pomwe anazivulira. Mwamunayo anali atapita ndi majombo oyera kumapazi.

Anazitola, nazipukuta, naziika pa shelefu. Mtima unamukhala pansi pang'ono. Munthu wosiya nsapato amabwerera, ndipo mbatatesi imodzi sidzala munda. Mayi Saturnina ngouma khosi, inde, koma sangalole mbewu ya amayi awo ithere m'shedi ya mtsikana wa m'chigwa. Ayenera kubwera basi.

* * *

Loweruka Marleni anadzuka m'mamawa. Analuka tsitsi lake mapiringidzo awiri, navala siketi yake ya pa chikondwerero ndi chipewa cha malemu amayi ake. Anayala nsalu yake yamizeremizere, naikamo udzu wofewa, n'kuyamba kusanja mbewu imodziimodzi kuti mphukira zisathyoke. Atamaliza anamanga nsaluyo kumsana monga amaberekera mwana, nakakhala pa mwala wa pageti. Anali atakonzanso mawu opepesa, chifukwa zimene bambo ake ananena zinamulowa. Ankati akangoona apongozi ake akutsika lole, agwada pafumbi pomwepo.

A Eleuterio anatulutsa mipando itatu n'kuiika pakhonde, kenaka anayamba kukonza wilibala imene inalibe vuto lililonse.

Lole zinadutsa zinayi, ya Wilber panalibe. Dzuwa linakwera, mthunzi wa geti unafupika. Marleni analemba kuti, "Ndakonzeka. Muli pati?" Uthengawo unapita, koma sunawerengedwe.

Itangokwana 11 koloko foni inanjenjemera. Nambala inali yachilendo.

"Zikomo asisi chifukwa cha mbewu. Amayi ati munda tidzala ndi mitundu ina, zotsalazo muzisunge, akuopa zazolowera kulendewera. Pa mwambo ati imodzi ikwana."

Pansi pake panali chithunzi. Chinaonetsa nthaka yakuda yonyowa, dzenje longoboola kumene, ndi dzanja la Yobana likuikamo mbatatesi yofiirira ya mphukira zitatu. Nkhope ya mwamuna sinaoneke. Panaoneka phazi lokha, litaponda pa khasu.

Marleni anadziuza kuti akhoza kukhala Fidel, akhoza kukhala msuweni wina aliyense. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri.

Linali jombo loyera, lija silinkayenera kuponda dothi chiyambire. Matope anali atalikuta mpaka m'kakolo, koma W wofiira uja ankaoneka bwinobwino.

"Akubwera?" anafunsa a Eleuterio ali pakhonde.

Marleni anaika foni m'thumba. Anakhalabe pa mwala paja, mbewu ya apongozi ake ili kumsana, ndipo kuseri kwa nyumba pampu inalira.